Kodi Kubisa Mwana Ndi Chikondi?

Amayi anzanga m'Chigwirizano, kokeni musamuyese nkhani ya kutali. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lathu lino la Chongwe, ndipo a DEC akhala akugwirapo anthu onyamula ufa woyerawu. Chisangalalo chake sichipitirira mphindi 30, koma umathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha ya magazi, mpaka mnyamata wamphamvu kufa ziwalo kapena kumwalira mwadzidzidzi.

Tsono mwana wanu akakodwa, kodi mudzabisa poopa manyazi kumpingo? Dzifunseni: mukuteteza moyo wake kapena dzina lanu? Manyazi amatha, koma manda sabweza. Mupempherereni ndithu, komanso pitani naye kuchipatala cha Chainama. Nafenso tikamva, tisanyoze pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.