Moto umapita kumene kwatsala tchire

Mwambiwu umatanthauza kuti tsoka limene lagwera ena limafikanso kwa amene anatsala, ndipo chithunzi chake nchodziwika m'dera la Mfumu Nsamala, m'boma la Balaka. Kukhitchini, tchirelo ndi denga laudzu lodzala mwaye, kutanthauza zotsalira zakuda za utsi, zimene zimayaka msanga m'chilimwe cha Okutobala. Nkhuni zouma zimachepetsa mwayewo, pomwe chitetezo mbaula, chophikira choumbidwa ndi dongo, chimatsekera malawi amene pamafuwa atatu amamwazika ndi mphepo. Komabe mbaulayo siilowa m'malo mwa chizolowezi chothira madzi pamakala usiku, popeza phulusa looneka lozizira limasunga moto mpaka m'mawa.