Kodi kuona n'kwaulere?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri. Tsikulo malonda sankayenda, ndiye mng'ono wanga anandionetsa pa foni kanema wa alendo oyenda pagulu, akuzungulira matauni akale a ku Japan m'nyengo yozizira.

Basi inawatsitsa ku Shirakawa-go, mudzi wa m'mapiri m'chigawo cha Gifu. Wotsogolera patsogolo ndi kambendera, iwo pambuyo ngati anapiye. Kukongola kwake musanene. Nyumba zake ndi zofolera ndi udzu, madenga osongoka ngati manja awiri a munthu amene akupemphera, n'chifukwa chake amazitcha gassho-zukuri. Anamanga choncho kuti chipale chofewa, chomwe chimagwa chambiri kumeneko, chisamaunjikane n'kuphwanya denga. Mu 1995 bungwe la UNESCO linaika mudziwu pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Koma ine maso anga anapita kumbuyo kwa alendowo. Kunali agogo ena, fosholo m'manja, akuchotsa chipale pakhomo kuti apeze podutsa. Kumeneko n'kwawo, amagona momwemo. Chomwe mlendo akuchiyamikira kwa ola limodzi, kwa agogowo ndi msana kuwawa mpaka nyengoyo ithe.

Zimenezi ndimazidziwa. Tsiku lina alendo anaima pabenchi panga, nkujambula milu ya tomato, nkujambulanso ine thukuta lili kamukamu. Anamwetulira, basi ulendo. Osagula olo mulu umodzi. Sanandibere kanthu, tomato yense analipo, koma ndinatsala ngati wina wandipisa m'thumba. Nanga anatenga chiyani?

Sindikuti alendo ndi oipa ayi. Denga la udzu lalikulu chonchija limadya ndalama. Kufolera kwake kumafuna anthu oposa 100, ndipo mwambo wawo wothandizana, umene amati yui, ukufanana ndi dima wathu uja. Achinyamata akathamangira m'tauni, adzakwere padenga ndani? Ndalama za alendo ogona m'nyumbazi ndi ogula zakudya zimathandiza kuti anthu akhalebe pamudzi. Ndipo eni mudziwo si anthu ongochitiridwa zinthu. Mu 1971 anagwirizana okha kuti nyumba zawo asagulitse, asachititse lendi, asagwetse. Amayi ogulitsa ndiwo ndi zipatso pamsika wam'mawa wa Miyagawa ku Takayama, komwe alendo otere amaimanso, ndikhulupirira amasangalala akaona gulu likubwera. Inenso ndikanasangalala, chisanu chisanu chomwecho.

Vuto ndimaliona pa gulupo. Munthu ukakhala wekha pakhomo pa eni, manyazi amakugwira, umaodira. Mukakhala makumi anayi, aliyense amaona ngati analipira kale, ndiye chilichonse chomwe chili kutsogolo kwake ndi chake: mpanda, zenera, nkhope ya munthu. Ku Gion, mumzinda wa Kyoto, zinafika poti mu 2019 analetsa kujambula m'tinjira ta eni, wophwanya lamulo chindapusa cha 10,000 yen. Anthu aulemu ngati amenewo mpaka kukhoma zikwangwani, ndiye kuti anatopa.

Tsono apa ndiulule. Kanema uja atafika pa agogo a fosholo, ndinamuimitsa, nkuwajambula pa sikirini, nkuwaika pa WhatsApp ndi mawu akuti "mayi salema". Anthu 63 anaona. Agogowo dzina sindiwadziwa, ndipo sindinawagule kanthu.