Emma Woodhouse ndi unkhoswe wopanda udindo

Ophunzira ambiri akawerenga buku la Emma, lomwe Jane Austen analemba n'kutuluka ku London mu 1815, amakopeka ndi ufulu wa mtsikanayo. Emma Woodhouse anali ndi zaka pafupifupi 21, chuma cha mapaundi 30,000, ndiponso ndiye ankayendetsa nyumba ya bambo ake ku Hartfield, m'mudzi wa Highbury. Ankanena poyera kuti alibe chomukakamiza kukwatiwa. Zimenezo n'zabwino ndithu. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti anatenga ufulu wakewo n'kuyamba kusankhira anzake mabanja.

Harriet Smith, mtsikana wa zaka 17 wosadziwa makolo ake, analandira kalata yomufunsira kuchokera kwa Robert Martin, mlimi wakhama. Mtima wa Harriet unali komweko. Koma Emma anaona kuti mlimi ndi munthu wapansi, anamunyengerera mnzakeyo mpaka kukana, n'kumuthandizanso kulemba kalata yokanira. Kenaka anamulozera Bambo Elton, m'busa wa pamudzipo, osadziwa kuti m'busayo diso lake lili pa Emma yemweyo. Amene anatsala ndi misozi ndi Harriet. Bambo Knightley, mnansi wachikulire, anali atamudzudzula kale Emma, koma iye anatseka makutu. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Makolo athu ankadziwa kuti kulowerera nkhani ya banja la wina n'kusenza katundu, n'chifukwa chake anaika ankhoswe. Ndimakumbukira amalume anga mchemwali wanga atafunsiridwa mbeta. Anamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumufunsa kuti, "Iwe, munthuyu wamukonda wekha kapena alipo akukukankha?" Atamva yankho, anatuma munthu kwawo kwa mnyamatayo kukafufuza khalidwe lake: ngati ndi chidakwa, wandewu, kapena anasiya mkazi kwina. Za chuma sanafunse. Ndipo tsiku limene banjalo linayambana, amene anadzutsidwa usiku ndi amalume omwewo, nakakhala pamphasa mpaka nkhani itatha.

Emma sanafunse, sanafufuze, ndipo zitavuta analibe chimene anataya. Iye chuma chinkamutchinjiriza, pomwe Harriet tsogolo lake lonse linali pa ukwatiwo. Wopereka uphungu ali pabwino, wolumidwa ndi uphunguwo n'kukhala wosauka.

Lerotu a Emma achuluka pakati pathu. Anthu akulumikiza anzawo pa Facebook ndi WhatsApp poyang'ana galimoto ndi ntchito. Ena akubwereka mnzawo wa kuntchito kuti akhale nkhoswe ya tsiku limodzi, alandire nkhuku pa chinkhoswe, ajambulitse zithunzi, basi osaonekanso. Banja likagwedezeka palibe khomo loti akagogode. Achinyamata nawonso akuyesa kudziimira ndiko kukana malangizo, kuiwala kuti mawu a akulu amakoma akagonera.

Kumapeto kwa bukuli Harriet anakwatiwa ndi Robert Martin yemwe uja, ndipo Emma anavomereza kuti Knightley ankanena zoona, mpaka awiriwo anamanga banja. Mtsikana aphunzire, agwire ntchito, asankhe yekha mwamuna. Mwambo wathu sukaniza zimenezo. Koma amene akufuna kuthandiza mnzake pa nkhani ya banja ayambe wamva zimene mwini wake akufuna, ndipo akhale wokonzeka kudzaitanidwa zikadzavuta. Ngati sangathe, asiyire ankhoswe.