Mwana Wosankhidwa pa Sukulu

Kuwerenga: Danieli 1, Yohane 13

Caka ndi caka, m'masukulu a ku Mambwe monga m'masukulu ena, aphunzitsi amasankha ana owerengeka kuti akhale akapitao a anzao. Maina ao achulidwa pamaso pa onse, ndipo mbiri ifika kumudzi, kwa Jumbe, kwa Nsefu kapena kwa Malama. Amai ace a mwanayo aliza nthungululu. Kukondwa kumeneku sikulakwa. Koma mwana wosankhidwa alowa m'ciyeso cimene anzace a pambuyo sacidziwa.

Danieli ndi anzace atatu, Hananiya, Misaeli ndi Azariya, anasankhidwanso cifukwa ca nzeru zao, kuti aphunzire zaka 3 m'nyumba ya mfumu Nebukadinezara ku Babulo. Ciyeso cao coyamba cinawapeza pa mbale. Anapatsidwa cakudya ca mfumu cifukwa anali osankhidwa, ndipo Danieli anacikana, osati mwamwano ai, koma anapempha woyang'anira kuti awayese masiku 10 ndi zomera za m'munda ndi madzi okha. Akuru ace sanalipo, Yerusalemu anali kutali, ndipo panalibe wa kwao womnenera. Iye anadziwa kuti Mulungu alipo ngakhale ku Babulo.

Kapitao wa pa sukulu yogonera komweko ayesedwa momwemo. Ndiye aima pa mphika pogawa nsima ndi nyemba. Pamzere pali mnzace wa mudzi umodzi, ndipo pambuyo pali kamwana kacilendo kamene kalira usiku cifukwa ca kukumbuka amace. Cipande cipendekera kuti? Ndiye alemba maina a ocita phokoso. Kodi dzina la wamphamvu, amene angambwezere kuseri kwa nyumba, lilembedwa pamodzi ndi la wofooka? Alipo akapitao amene atuma ang'ono kuwacapira zobvala ndi kuwatungira madzi, nati ndiwo mwambo wa sukulu. Koma Ambuye Yesu, usiku uja anaperekedwa, anadzimanga nsaru m'cuuno nasambitsa mapazi a ophunzira ace, ndi a Yudase omwe. Kapitao Mkristu sangawerenge mau amenewa m'mawa ndi kutuma kapolo madzulo.

Ciyeso cina cidza m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la m'cigwa litaotca, mayeso ali pafupi. Wina anong'ona kuti mafunso apezeka ndi ndalama. Mwana wanzeru aopa koposa anzace, pakuti mudzi wonse uyembekeza iye, ndipo atate ace anagona m'munda kupirikitsa njobvu kuti thonje ndi cimanga zimgulire bulangete ndi sopo. Mantha amenewa ali oona, ndipo Mulungu awadziwa. Komabe cikalata cobedwa cidzamtsata mwini wace masiku onse. Akadzakhala namwino kapena mphunzitsi, odwala ndi ana adzalipira cimene iye sanaphunzire.

Cigwa ca Luangwa ciri ndi citsanzo cace. Leonard Kamungu, Mcewa wa ku Cia pafupi ndi Nkhotakota, anasankhidwa ali mnyamata napita kukaphunzira ku Kiungani, ku Zanzibar. Anadzozedwa unsembe mu 1909. Munthu wophunzira cotero akadakhala kwao kunyanja ndi ulemu, pakati pa abale ace. Koma anabvomera kudza ku Msoro, kwa Akunda amene sanawadziwe, naphunzitsa m'midzi, namwalira komweko mu 1913, asanakhale zaka zambiri. Akristu a ku Msoro akumbuka dzina lace kufikira lero, ndipo sakumbuka cifukwa ca mayeso amene anapambana ku Zanzibar.

Akuru a mpingo ndi obala ana alinso ndi mlandu pano. Ambiri afunsa mwana pobwera ku chuthi kuti wakhala nambala yanji, osamfunsa za kamwana kaja ka pamzere. Mwana aphunzira msanga cimene akuru acilemekeza. Ngati amtama pa nambala yokha, adzaifuna ndi njira iri yonse. Cifukwa cace mpingo uyenera kuwapempherera ana osankhidwawa ndi kuwachula maina, monga upempherera akuru a mpingo, ndipo pobwera kumudzi awaone agwira khasu, atungira madzi agogo ao, nakhala pansi pamodzi ndi anzao amene sanapitirire sukulu.