Mphotho kapena feteleza wa ngongole?

Chaka chilichonse akatswiri ofufuza za ubongo akasonkhana ku msonkhano wa Society for Neuroscience ku America, pamakhala nthawi yoitana achinyamata ochepa kutsogolo kuti alandire mphotho. Awa si madoda amene amera imvi m'malabotale. Ndi anthu amene ntchito yawo ikadali ku nazale. Ndiye funso langa ndi ili: munthu amene sanakolole, mukumuombera m'manja chifukwa cha chiyani?

Kuno ku Santhe palibe amene amalipidwa chifukwa cha nazale yobiriwira. Ndalama zimaoneka belo likafika ku okushoni ku Chinkhoma. Koma chilipo chimene mlimi amalandira fodya asanakule: feteleza wa ngongole wochokera ku kampani, amene mtengo wake amadzaudula pogulitsa. Ine ndimaona kuti mphotho ya wofufuza wachinyamata ili chimodzimodzi. Akumupatsa chifukwa cha masamba amene akuyembekezera. Ndipo sindikuinyoza ayi. Popanda chikhulupiriro chotero, mnyamata kapena mtsikana wanzeru amasiya kafukufuku n'kukafuna ntchito ya galimoto ndi alawansi, ndipo ndani angamudzudzule?

Koma ngongole imakhala ndi mwini wake. Mwini wa iyi ndani? Komiti yosankha ija?

Taonani zimene zinachitika ku Blantyre, kumene dziko lathu laphunzitsa dziko lonse za ubongo wa mwana. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, poona maso ake, kulira kwake ndi mmene akuyankhira akamva kuwawa. Mpaka lero madokotala m'maiko ambiri amaitchula kuti Blantyre Coma Score. Kenako panabwera ntchito yowawa kwambiri, yopima matupi a ana amene anamwalira. Anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene ankaganiziridwa kuti wafa ndi malungo a mu ubongo anali atafa ndi matenda ena. Mu 2015, atajambula ana 168 ndi makina a MRI pa chipatala cha Queen Elizabeth, Karl Seydel ndi anzake anaonetsa kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa umapanikiza gawo limene limayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma.

Tsopano taganizirani mayi amene mwana wake watsirizika usiku, abale akudikira kumudzi, adzukulu akonzeka kukumba manda, ndiye wina akubwera kudzapempha kuti thupi alipime kaye. Pachikhalidwe chathu pempho limeneli ndi lolemera zedi. Ena anakana, ndipo anali ndi ufulu wokana. Ena anavomera, akudziwa kuti wawo sabweranso. Mayina awo sangalembedwe pa chikho chilichonse, malamulo a kafukufuku salola n'komwe, ndipo n'zoyenera kutero. Koma kwa ine eni ngongole ndi amenewa. Wachinyamata aliyense amene lero angalandire mphotho pa nkhani ya malungo a mu ubongo waimirira pa chilolezo cha amayi amenewo.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa. Ogula fodya akamakonda tsamba la mtundu wina, alimi tonse timathamangira komweko. Mphotho nazo zimaphunzitsa achinyamata mafunso amene ali ndi msika. Wanzeru amaona zimene zapambana chaka chatha, eti, n'kusankha funso lofanana nalo. Sikuti ndi wakuba kapena wabodza. Wangowerenga msika basi.

Nanga mafunso opanda msika? Limodzi lili m'minda yathu momwemu. Chikonga cha mu fodya chimalowa pakhungu munthu akamathyola masamba onyowa ndi mame, n'chifukwa chake ena amachita chizungulire, mutu ndi kusanza. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, ena mwa iwo a kuno ku Kasungu, ndipo linati mwana angathe kuyamwa chikonga chokwana mamiligalamu 54 patsiku, ngati wasuta ndudu 50. Chodabwitsa n'chakuti chikonga chomwechi chinathandiza kumanga sayansi ya mitsempha: mu 1905 John Langley ku Cambridge anachigwiritsa ntchito posonyeza kuti m'thupi muli tinthu tolandira uthenga wa mankhwala. Fodya anatumikira sayansi kalekale. Ubongo wa mwana wa zaka khumi amene amasoka fodya m'chigafa, n'kupita ku sukulu mutu ukuwawa, ukuyeneranso kufunsidwa mafunso.

Wina anganene kuti sayansi si bungwe lachifundo, kuti wofufuza azitsata chidwi chake, phindu lidzabwera lokha. Pena zimaterodi. Langley sankaganiza za Santhe. Ndipo sindikufuna kuti wopambana mphotho azichita manyazi pokwera pa nsanja, avale suti yake, ajambulitse, atumize pa WhatsApp kwa amayi ake. Chimene ndikanakonda n'chakuti phwando likatha, posankha funso la zaka zisanu zikubwerazo, pa mndandanda wake pakhale khunyu limene limatsala mwa ana ena opulumuka malungo a mu ubongo, pakhalenso mwana wa m'chigafa uja.