Mwana wa Pakomboni, Thambo Ndi Lakonso

Iwe mwana wokulira pakomboni ya pafamu ku Mvurwi, Centenary kapena Banket, mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Dedza, Chipata ndi Tete kudzalima fodya, tchera khutu. Usamve zoti za nyenyezi ndi za ana a mabwana okha.

Mu 1881 Edward Pickering, mkulu wa malo oonera nyenyezi a yunivesite ya Harvard, analemba ntchito mayi wina dzina lake Williamina Fleming. Mayiyu anali wantchito wa m'nyumba mwake, mlendo wochokera ku Scotland, ndipo mwamuna wake anamuthawa ali woyembekezera. Anamupatsa zithunzi za thambo zojambulidwa pa magalasi kuti aziziunika. Fleming anasanja nyenyezi zoposa 10,000 m'magulu ake, ndipo mu 1888 anatulukira mtambo wa m'mlengalenga wotchedwa Horsehead. Ntchitoyi inkalira diso lakuthwa ndi mtima wosatopa, monga mmene amayi ako amasankhira fodya, tsamba ndi tsamba, osasokoneza magiredi. Diso limenelo m'banja mwanu lilimo kale.

Harvard yomweyo inaona kuti thambo la kumwera silioneka lonse ku America, choncho inamanga malo ena ku Arequipa, m'dziko la Peru. Pa zithunzi zochokera kumeneko, Henrietta Leavitt anapeza mu 1912 kuti nyenyezi zina zimene zimawala n'kuzilala zili ndi lamulo: imene imachedwa kumaliza kusinthaku ndiyo yowala kwambiri. Lamuloli ndilo linapatsa akatswiri muyezo wa kutalika kwa mlengalenga. Nyenyezizo zili mu kamodzi ka timitambo tiwiri toyera timene umationa kumwera usiku wopanda mwezi. Wa m'tauni magetsi amamutchinga. Iwe umationa bwinobwino utaima kuseri kwa chigafa! Mu 1927 malo a ku Arequipa aja anasamutsidwira pafupi ndi Bloemfontein, ndipo lero malowo, otchedwa Boyden Observatory, ali m'manja mwa yunivesite ya Free State.

Funsa akuluakulu za pa 21 June 2001, pamene kadamsana anadetsa dziko dzuwa litapendeka cha ku Mavuradonha ndi Mount Darwin. Alendo anaoloka nyanja kudzaona zimene makolo ako anaonera pakhomo. Ndipo mu 2022 ZimSat-1, setilaiti yoyamba ya Zimbabwe, inapita m'mlengalenga, itapangidwa ndi ana a dziko lino pa Kyushu Institute of Technology ku Japan.

Ndikudziwa kuti sukulu ili kutali, fizi ndi yosowa, ndipo ena anavutika zaka zambiri ndi zitupa zowatchula kuti alendo. Zimandiwawa. Koma masamu safunsa kumene agogo ako anabadwira. Limbikira masamu ndi sayansi, vutitsa aphunzitsi ndi mafunso. Inu makolo, mwana wamkazi musamuchotse sukulu nyengo yothyola fodya. Mtengereni chikalata chobadwira chaka chino, alembe mayeso.