Miyala Iwiri M'thumba Limodzi

Mawu otitsogolera: Deuteronomo 25:13-16 ndi 1 Samueli 16:6-7



M'buku la Deuteronomo, Mose akuletsa ana a Israeli kusunga miyala iwiri yoyezera m'thumba limodzi, wina waukulu wina waung'ono. Masiku amenewo wamalonda ankaika mwala mbali imodzi ya sikelo, katundu mbali inayo. Wachinyengo ankakhala ndi mwala wolemera wogulira ndi wopepuka wogulitsira. Ife amayi sitisowa wotimasulira mawu amenewa. Aliyense amene anagulitsapo chimanga kwa venda, thumba lodzaza mpaka kuvuta kusoka, n'kumva kuti silinakwane makilogalamu 50, akudziwa kuwawa kwa sikelo yobera. Mulungu amanyansidwa nayo sikelo yotere.

Koma lero sindikunena za chimanga. Ndikunena za sikelo imene timayezera matupi a anzathu, imene timayenda nayo m'maso mwathu mpaka kulowa nayo m'tchalitchi.

Tamverani moni wathu tikatuluka m'Misa. “Eee, amayi, mwanenepatu! Bambo akukusamalani.” Onse kuseka, woyamikiridwayo n'kukonza chitenje mokondwa. Koma adutse mayi wina amene bulauzi ya yunifolomu yayamba kumukulira, palibe amene amuyankhula za thupi lake. Timangotsinana, nkhani n'kukakambidwa kunjira. Ife amene tinaona zaka zija mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'chaka cha 2004 tikudziwa kumene mantha amenewa anachokera. Tinaika m'manda ana athu ndi azichemwali athu ataonda ndi mutu womwe. Mankhwala anabwera, anthu anadzuka, koma mwala uja sitinautaye. Mpaka lero mayi amauzidwa kuchipatala kuti achepetseko thupi chifukwa cha shuga kapena BP, iye n'kuyankha kuti, “Nanga anthu aziti ndikudwala chiyani?” Amalolera kuika moyo wake pachiswe poopa pakamwa pathu. Ena afika pogula mapilitsi onenepetsa pamsika, pamene ena mwa mapilitsiwo ndi mankhwala amphamvu a matenda ena, otupitsa nkhope ndi kukweza shuga ndi BP.

Mwala wachiwiri uli ndi ana athu aakazi m'matauni. Iwo akuyezedwa ndi zithunzi za pafoni, ndipo akugona ndi njala mwadala pamene ufa uli m'nyumba. Thupi lomwelo, kumudzi aliseka kuti n'loonda, kutauni aliseka kuti n'lonenepa.

Tsono kuchipatala kuli muyeso wina wotchedwa BMI, umene ena mwa inu mwauona utalembedwa m'kabuku kanu. Popeza ndinagwirako ntchito ya unamwino, ambiri mumandifunsa tanthauzo lake. Amatenga msinkhu wanu m'mamita n'kuuchulukitsa ndi msinkhu womwewo, kenaka n'kugawa makilogalamu anu ndi yankholo. Tiyerekeze mayi wotalika mamita 1.6, wolemera makilogalamu 70. Mukachulukitsa 1.6 ndi 1.6 mupeza 2.56. Mukagawa 70 ndi 2.56 mupeza 27.3. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu wosafika 18.5 ndi wopepuka kwambiri, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ali pakati, 25 mpaka 29.9 thupi lapitirira, ndipo 30 kupita m'tsogolo ndi kunenepa kofunika chithandizo. Mayi wathu uja ali m'gulu lachitatu.

Muyeso umenewu ndimaulemekeza. Sukondera. Sudziwa kuti awa ndi mayi busa, awa ndi mayi wamasiye wotsuka mbale pa maliro. Ndi wosavuta, sulira ndalama, ndipo wathandiza kupeza odwala TB ndi okalamba amene thupi likutha mwakachetechete. Nambala ikakwera kwambiri, makamaka kupitirira 30, zoona zake n'zakuti shuga, BP ndi kuphwanya kwa mawondo zimayandikira. Tisadzinamize.

Komabe nambalayi sinatsike pa phiri la Sinai. Anaiyamba ndi munthu wa ku Belgium dzina lake Adolphe Quetelet m'zaka za m'ma 1830. Sanali dokotala. Anali katswiri wa masamu ndi nyenyezi, ndipo ankafuna kudziwa kukula kwa anthu a ku Ulaya akawaphatikiza pamodzi monga gulu, osati kuyeza wodwala mmodzi. Dzina loti BMI linabwera m'chaka cha 1972 ndi Ancel Keys wa ku America, amene kafukufuku wake anali wa amuna okhaokha. Mayi wa ku Likoma kapena ku Malindi, wosenza ndowa ya madzi kumutu mwana ali kumbuyo, sanali m'maganizo mwawo.

Sikelo imangodziwa kulemera. Sidziwa chimene chikulemeracho. Mayi wolima, wosinja, wotema nkhuni, amakhala ndi minofu yolimba, ndipo mnofu umalemera kuposa mafuta a kukula komweko. Nambala yake ingathe kupitirira 25 iye ali bwinobwino. Wina amalemera chifukwa cha madzi, miyendo itatupa ndi vuto la mtima kapena impso, ife n'kumamuyamikira kuti wanenepa. Mwana wotupikana ndi kusowa zakudya naye amaoneka wonenepa, n'chifukwa chake ku sikelo ya ana amadina phazi ndi chala ndi kuyeza mkono ndi kalamba kaja ka mitundu. Kwa ana nambala za akulu zija sizigwira ntchito, kwa amayi oyembekezeranso ayi. Ndipo ife a zaka za m'ma 60, minofu imayamba kutha, mafuta n'kumasonkhana pamimba. Sikelo ingathe kunena makilogalamu omwe aja a pa ukwati wathu, koma thupi lasintha. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo amayi ochepa thupi, a nambala yokongola ya 22, amene shuga akuwadya osadziwa.

Madokotala eni ake akuvomereza zimenezi. Bungwe la madokotala a ku America linanena m'chaka cha 2023 kuti BMI isamagwiritsidwe ntchito payokha poyeza munthu. Ku Britain, kumene kuli ana athu ena, alangizi a zipatala anatsitsa malire kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi a ku Asia: amayamba kuchenjeza pa 23, osati 25, chifukwa matenda a shuga amatipeza ife thupi lisanakule kwenikweni. Choncho pamene ndikuti nambala si chiweruzo, musamve ngati ndikuti tidye mmene tingafunire. Nthawi zina nambalayi imatiopseza pachabe, nthawi zina imatitonthoza pachabe.

Nanga tiziyeza ndi chiyani? Funso lalikulu ndi lakuti mafutawo ali pati. A m'ntchafu ndi m'matako savuta kwambiri. Oopsa ndi a m'mimba, amene amakuta chiwindi ndi matumbo, chifukwa ndiwo amasokoneza shuga ndi kayendedwe ka magazi. Ndipo kuwayeza sikufuna masamu. Tengani chingwe chosatamuka, mnzanu akuyezeni nacho kuchokera pamwamba pamutu mpaka pansi, duku ndi nsapato mutavula. Chipindeni pakati. Chingwe chopindacho chizungulizeni pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya bwinobwino. Osakoka mimba ayi, amayi, Mulungu akuona! Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikakana kukumana, mimba yaposa theka la msinkhu wanu, ndipo ndi nthawi yokaonana ndi achipatala. Kwa mayi uja wa mamita 1.6, malire ake ndi masentimita 80.

Chingwe nachonso sichiona magazi. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. BP sipweteka, siliza belu. Timangomva kuti mayi uje, amene tinali naye pa kwaya Lamulungu, wagwa kubafa ndipo mbali imodzi yafa. Pamenepo timayamba kufunafuna amene wamulodza, mabanja n'kudana, pamene kuyeza kwa mphindi ziwiri kukanatichenjeza zaka zisanu zapitazo. Woonda ndi wonenepa yemwe, kayezetseni. Makina akamaonetsa 140 pa 90 kapena kuposa, maulendo angapo, musakane mankhwala, ndipo musawasiye chifukwa mwapemphereredwa. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

Tiyeni tibwerere ku Betelehemu, kunyumba kwa Jese. Samueli anali mneneri wokalamba, womva mawu a Mulungu kuyambira ali mwana, koma ataona Eliabu maso ake anamunamiza. Anaona msinkhu ndi maonekedwe, mumtima n'kuti mfumu ndi imeneyi. Mulungu anamubweza, namukumbutsa kuti munthu amathera pa zooneka kunja pamene Iye amafika mumtima. Ngati Samueli anaphonya, kuli bwanji ine ndi inu titaima pakhomo la tchalitchi? Simudziwa chifukwa chimene mnzanu waondera. Mwina akumvera malangizo a kuchipatala, mwina akulira mwana, mwina m'nyumba mulibe chakudya ndipo akuchita manyazi kupempha. Simudziwanso chifukwa chimene wina wanenepera, pakuti alipo mankhwala ena, ngakhale ena a ma ARV a masiku ano, amene amawonjezera thupi. Ngati mukumudera nkhawa, pitani kwawo ndi kaufa m'manja, mukakhale naye pamphasa, mukamufunse nokha. Imeneyo ndiyo ntchito imene tinalonjeza tsiku limene tinavekedwa yunifolomu.

Paulo anauza Akorinto kuti matupi athu ndi nyumba ya Mzimu Woyera. Ife timadziwa kusamala nyumba ya Mulungu: timasesa, timakolopa, timachapa nsalu za paguwa. Sitifunsa ngati tchalitchi ndi lalikulu kapena laling'ono tisanalisese. Koma tikamaliza kusesako timakhala pansi ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera, mandazi, ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Izi ndikunena monga mmodzi wa ophika pa misonkhano yathu. Mlendo tingathe kumulemekeza ndi chinangwa chophika, mbatata, nthochi, mtedza, ndi thobwa losachulutsa shuga. Nsima isakhale phiri pamene ndiwo zamasamba zili kadontho pambali. Mchere wa tsiku lonse, kuphatikiza wa m'ndiwo, usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa munthu, ndipo timatumba tija tokometsera ndiwo tadzaza mchere kale. Nkhwani wotendera, bonongwe, nyemba ndi usipa zimene ena ayamba kuzinyoza kuti n'za amphawi, Danieli ndi anzake akanazilandira ndi manja awiri, pakuti anakana zonona za patebulo la mfumu nakhala athanzi kuposa anzawo.

Atsogoleri a nthambi zonse, ndikupempheni kuti pa msonkhano wanu wa Lachinayi mubwere ndi chingwe. Muyezane awiriawiri, mayi ndi mnzake amene amamukhulupirira, kuseri osati pagulu, ndipo zotsatira zisalengezedwe kapena kulembedwa m'buku la mlembi. Ngati m'parishi mwanu muli namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, mumupemphe kudzera kwa abambo wansembe kuti adzabwere ndi makina a BP. Mayi amene akuopa kupita yekha kuchipatala, mupezereni mnzake womuperekeza, ndipo ya thiransipoti ichoke m'thumba la nthambi.